Khirisimasi ikatha: zokongoletsa zitsike liti, zisungidwe pati?

Pokongoletsa nyumba nyengo ya Khirisimasi manja sasowa. Ana amalimbirana kupopa mabaluni, wina wakwera pampando kumata mapepala amitundumitundu kusiling'i, amayi akulozera pamene nyenyezi yapendekera. Potsitsa zinthu zomwezo m'pamene aliyense amapezeka kuti ali ndi chochita china. Chaka chatsopano chikangolowa, mitu ya makolo imadzaza ndi fizi, yunifolomu, lendi ndi feteleza wobereketsa wa kumunda kumudzi, ndipo mtengo uja umangoima pakona ya pabalaza ngati mlendo amene waiwala njira ya kwawo. Kenaka tsiku lina wina amatopa nawo, n'kuzula zonse mothamanga, n'kuunjika m'katoni imene yapezeka pafupi. Disembala wotsatira katoniyo ikatsegulidwa, m'kati mumapezeka chuku, manyi a makoswe ndi mawaya opiringizana. Banja limabwereranso kusitolo kukagula zomwe linali nazo kale, m'mwezi umene ndalama ili ndi ntchito zambiri.

Zinthuzi sizotchipanso ngati kale. Mitengo yapulasitiki, timagetsi tothwanima ndi timipira tonyezimira sizipangidwa kuno. Zambiri zimachokera ku China, makamaka mumzinda wa Yiwu umene umadziwika kuti ndiwo umapanga gawo lalikulu la zokongoletsa za Khirisimasi padziko lonse. Wogulitsa amaziitanitsa ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa mtengo wake umakwera pompo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo banja limene linagula mtengo wake zimenezi zisanachitike lili ndi katundu amene kumugulanso lero kungaliwawe m'thumba. Kusamala kasungidwe ka zinthuzi tsono n'chimodzimodzi ndi kusunga ndalama.

Tsiku lenileni ndi liti?

Mukafunsa anthu mu Lilongwe kuti zokongoletsa ziyenera kutsika liti, ena amayankha molimba mtima kuti pa 6 Januwale. Tsikuli linachokera m'kalendala ya mipingo yakale ya ku Ulaya. Kumeneko Khirisimasi imawerengedwa masiku 12, kuyambira pa 25 Disembala kufika pa 5 Januwale, ndipo pa 6 ndi Epifania, tsiku lokumbukira kufika kwa anzeru a kum'mawa amene timawawerenga pa Mateyu 2. Ku England kunabuka chikhulupiriro chakuti nyumba imene yasiya zokongoletsa kupyola usiku wa pa 5 kapena pa 6 imaitana tsoka. Chosangalatsa n'chakuti makolo a Angelezi omwewo kale ankazisiya mpaka pa 2 Febuluwale, tsiku lokumbukira kuperekedwa kwa Yesu m'kachisi atakwanitsa masiku 40, ndipo palibe anagwa nalo tsokalo. Ku Sweden amadikira mpaka pa 13 Januwale. Akhristu a Orthodox a ku Ethiopia amachita Khirisimasi yawo pa 7 Januwale, ndiye pamene ife tikupinda mtengo iwo akungoyamba kumene.

Kuno kwathu, amene amatsatira kalendala ya mpingo mosamala ndi Akatolika ndi a Anglican. Kwa Akatolika, kaya ndi ku Maula kapena kuparishi ina iliyonse, nyengo ya Khirisimasi imatsekedwa ndi chikondwerero cha Ubatizo wa Ambuye, chimene chimabwera Epifania itangodutsa, cha m'sabata yachiwiri ya Januwale. Mabanja ambiri a Katolika amaonera kutchalitchi: khola la mwana Yesu likachotsedwa kumeneko, nawonso amachotsa lawo kunyumba.

Ife a Adventist tilibe tsiku lotere, ndipo sitingakhale nalo, chifukwa Baibulo silitchula tsiku limene Yesu anabadwa ndipo mpingo sunaike Khirisimasi pa masiku opatulika. Mabanja ena a mumpingo sakongoletsa n'komwe, ena amakongoletsa chifukwa cha ana ndi alendo obwera patchuthi. Onsewa amakhala pabenchi limodzi Sabata m'mawa. Ellen White analembapo za nkhaniyi mu Review and Herald ya mu Disembala 1879, ndipo maganizo ake anasonkhanitsidwa m'buku la The Adventist Home. Sanaletse mtengo. Anati ukhoza kuikidwa ngakhale m'tchalitchi, pokhapokha nthambi zake zinyamule zopereka zothandiza osauka ndi ntchito ya Mulungu. Mtengo wotero ntchito yake imatha tsiku limene zoperekazo zachotsedwa. Chimene chimatikhudza kwenikweni ndi tsiku la m'sabata: kutsitsa ndi kulongedza ndi ntchito, ndiye siichitika pa Sabata, ndipo kuiyamba Lachisanu masana n'kudzipanikiza, popeza pamakhala kuphika, kusita ndi kukolopa dzuwa lisanalowe. Sande m'mawa ndiye nthawi imene imagwira bwino m'mabanja ambiri a mumpingo, makamaka Sande woyamba wa chaka, masiku khumi a mapemphero asanayambe kutenga madzulo onse.

Za tsoka lija tisatayirepo nthawi. Pepala lonyezimira lilibe mphamvu yoitana choipa chilichonse. Zimene zingavulaze banja ndi waya wonyowa ndi nthambi youma pafupi ndi kandulo, ndipo zimenezi sizifunsa deti.

Lilongwe ali ndi makalendala ake

Mzindawu unamangidwa m'zigawo zotalikirana, maka kuchokera pamene unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo chigawo chilichonse chimatsanzikana ndi Khirisimasi mwa njira yake.

Ku Old Town amalamula ndi malonda. M'masitolo a ku Bwalo la Njobvu, mumsewu wa Malangalanga ndi m'mabenchi a mumsika waukulu, malo ndi ndalama. Shelefu imene pa 24 Disembala inadzaza ndi timipira ndi zipewa zofiira, pofika pa 2 Januwale yadzaza makope, zolembera, nsapato zakuda ndi zikwama za kusukulu, chifukwa teremu yachiwiri imatsegulidwa kumayambiriro kwa mweziwo. Wogulitsa safuna kugona ndi katundu wa Khirisimasi miyezi 11, ndiye masiku amenewa ndi pamene munthu wodziwa kunenerera amagula zokongoletsa motsika. Vuto lake n'lakuti ndi nthawi yomweyo pamene m'thumba mwauma.

M'nyumba za kufupi ndi Old Town, monga ku Mchesi, Biwi ndi Kawale, muli chizolowezi chimene alendo ochokera kunja amadabwa nacho: zokongoletsa zina sizitsika konse. Mapepala opota aja amakhalabe kusiling'i, maluwa apulasitiki pamwamba pa kabati, mpaka mtundu utasuluka. Ena amati ndi ulesi, koma ine ndimaona kuti banjalo linagula zinthuzo kuti nyumba ioneke bwino, ndipo silikuona chifukwa chobisira m'katoni chinthu chokongola pamene khoma lili mbee. Chofunika kuchenjera nacho n'chimodzi. Pepala lokhalitsa limauma n'kudzaza fumbi ndi ukonde wa akangaude, ndipo magetsi akazima, kandulo imayatsidwa pabalaza pomwepo, pansi pake penipeni.

Ku City Centre kalendala ndi ya ofesi. Mabanki, mahotela ndi makampani amakongoletsa molawirira, ena Novembala asanathe, ndipo amatsitsa sabata yoyamba imene antchito abwerera. Ku Capital Hill zaka zambiri boma limapereka tchuthi cha masiku angapo nthawi ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano, ndiye mtengo wa polandirira alendo umakhala wokha m'chipinda chotseka mpaka anthu atabwera. Amene amautsitsa kawirikawiri ndi mesenjala kapena wosesa, n'kukauponya m'chipinda cha mafailo akale. Anthu ambiri amaona 15 Januwale, tsiku la John Chilembwe, ngati malire osalembedwa. Ofesi imene ikadathwanimabe tchuthi chimenechi chitadutsa imayamba kusekedwa ndi makasitomala.

Kumayadi, ku Area 3, 9, 10, 12 ndi 43, n'kumene kuli zokongoletsa zambiri ndiponso zodula. Kumeneko mtengo umatha kutalika kuposa munthu, timagetsi timazungulira khonde, mpanda ndi mitengo ya pabwalo. Koma eni nyumba nthawi zambiri sakhalapo. Akazembe ndi ogwira ntchito m'mabungwe akunja amakwera ndege pakati pa Disembala n'kubwera sukulu za ana awo zikamatsegulira. Amalawi a kumeneko amapita kumudzi kapena kunyanja, ku Salima ndi Mangochi. Amene amatsala ndi nyumba ndi wantchito wa m'nyumba, wa kudimba ndi mlonda, ndipo ndiwo amakwera makwerero kukamasula timagetsi pampanda mvula ikuwaza. Bwana amangotumiza uthenga pa WhatsApp kuti zonse zikhale zitachoka asanafike. Uthengawo sunena kuti azimitse kaye pasoketi, sunena kumene makatoni ali, koma kampira kagalasi kakasweka funso limagwera wantchitoyo.

Adani a katoni

Malangizo ambiri a kasungidwe amene timawaona pa intaneti analembedwa ndi anthu amene Januwale wawo ndi wa chisanu, okhala m'nyumba zotenthetsedwa ndi zouma m'kati. Wathu ndi pakati pa dzinja. Mu Lilongwe, Januwale ndi umodzi mwa miyezi ya mvula yambiri pachaka, ndipo imatha kupyola mamilimita 200 m'mwezi umodziwo. Walira mvula walira matope. Mpweya umakhala wodzaza chinyezi, zovala zimatenga masiku awiri pachingwe, nsapato zachikopa zimachita chuku pansi pa bedi. Chilichonse chimene mwatsekera m'chikwama tsiku lotero chimalowa ndi chinyezi chakecho, ndipo chimakhala nacho m'mdima miyezi yambiri. Nsalu ya patebulo imatuluka ndi madontho akuda osachapika. Timawaya ta m'nthambi za mtengo wapulasitiki timachita dzimbiri n'kuthyoka popinda. Pepala limafewa, mtundu wofiira n'kulowerera pa loyera. Njenjete ndi dzimbiri zimene tinaloweza pa Mateyu 6 zija, mu Lilongwe zimagwira ntchito yake mosaphonya.

Mdani wachiwiri ndi chiswe. Ngumbi zimene ana amatola ndi chimwemwe mvula yoyamba ikagwa ndi chizindikiro chakuti pansi pa mzindawu pali chiswe chochuluka, ndipo katoni ndi chakudya chake. Chimalowera m'ming'alu ya simenti kapena kukwera khoma m'kanjira kake ka dothi. Katoni yoikidwa pansi, yotsamira khoma, m'chipinda chimene sichitsegulidwa kawirikawiri, imaoneka yabwinobwino pamwamba, koma mukainyamula pansi pake pamatsala pomwepo. Kumayadi vutoli n'lalikulu kusiyana ndi mmene anthu amaganizira, chifukwa nyumba zambiri za ku Area 3 ndi Area 10 n'zakale, zili pakati pa mitengo ikuluikulu, ndipo katundu wosagwira ntchito amakankhidwira kugalaja kapena kuchipinda china cha kuboyizikota kumene denga limadontha.

Ambiri pothawa chiswe amakweza katundu kusiling'i. Kumeneko kuli makoswe, amene amatafuna pulasitiki wokuta waya ndi kung'amba mapepala kukamangira zisa. Kulinso kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala, panja pakamatentha madigiri 30 ndi kupyola, pansi pa malata pamakhala ngati mu uvuni. Makandulo amapindika, guluu amasungunuka, pulasitiki amauma n'kuyamba kuthetheka. Waya amene khoswe walumako pang'ono ndiye woopsa kwambiri, chifukwa timagetsi timayakabe ndithu, koma pamalo olumidwawo pali chitsulo cha poyera chodikira dzanja la mwana. Magetsi a ESCOM m'nyumba ndi a mavoti 230.

Katsitsidwe kake

Yankho langa pa funso la tsiku ndi ili: sankhani tsiku la dzuwa pakati pa 2 Januwale ndi kutsegulira kwa sukulu, ana akadali pakhomo. Mu Lilongwe mvula ya dzinja imakonda kugwa masana kapena madzulo, m'mawa n'kukhala kowala, ndiye ntchitoyi iyambe kadzutsa akangodyedwa. Ngati sabata yonse ndi ya mvula ya mvumbi, tsitsani zinthuzo koma musazitsekere. Ziyaleni patebulo kapena pabedi la alendo mpaka dzuwa litaoneka.

Chimene sichiyenera kudikira konse ndi mtengo weniweni. Mabanja ena amadula nthambi ya paini kapena ya mitengo yobiriwira ya kumpanda ija n'kuiimika m'ndowa ya mchenga. Ikakhala m'nyumba sabata ziwiri imauma, ndipo mitengo ya mtunduwu ili ndi utomoni umene umagwira moto mofulumira kwambiri. Masamba akayamba kuyoyoka mukaigwedeza, itulutseni tsiku lomwelo. Thunthu lake limachirikiza bwino tomato kapena nyemba kudimba. Amene anagula kamtengo kamoyo ka m'chitini ali ndi mwayi, popeza nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo nthaka ya Januwale ndi yofewa. Angokadzala kutali ndi khoma la nyumba ndi mawaya a magetsi, chifukwa paini sakhala wamng'ono mpaka kale.

Pa timagetsi m'pofunika kudekha. Choyamba n'kuzimitsa ndi kuzula pulagi pakhoma, wina asanakhudze waya, makamaka wa panja amene wagona pamvula. Timagetsi tambiri ta mumsika tinapangidwira m'nyumba, koma anthu amatikoleka pakhonde ndi pampanda, madzi n'kumalowa m'kabokosi kosinthira kathwanimidwe kaja. Tambirinso timabwera ndi pulagi ya mano awiri pamene masoketi athu ndi a mano atatu, ndipo tonse taonapo munthu akutsegula bowo lapamwamba ndi chotsekera cholembera kuti pulagiyo ilowe. Adaputa ndi yotchipa kusiyana ndi ulendo wa kuchipatala, ndipo ndi bwino kuisunga m'chikwama chimodzi ndi timagetsito kuti chaka chamawa isasowe.

Mukamasula, yendetsani waya yense pakati pa zala mukuyang'ana pamene pasupuka kapena papserera. Kenaka muyanike pamthunzi mpaka aumiretu, mumuyese kamodzi pasoketi, ndipo mukatero mumukulunge. Timagetsi takale ta mababu agalasi tinalumikizidwa mondondozana, mwakuti babu limodzi likafa kapena kukhwefuka, mzere wonse umazima. Anthu ambiri amataya waya wabwinobwino chifukwa cha babu limodzi. Ta masiku ano ta LED sititentha kwambiri ndipo sitidya mayunitsi ambiri, koma waya wake ndi wopyapyala, sufuna kukokedwa. Njira yosavuta yopewera kupiringizana ndi kudula kachidutswa ka katoni kolimba, kotalika ngati kope, kuchekako pang'ono mbali ziwiri, n'kukulungapo wayayo kuyambira kumapeto kuti pulagi itsalire pamwamba. Botolo lapulasitiki lopanda kanthu limagwiranso ntchito yomweyo. Waya aliyense akhale ndi chokulungira chake. Ngati timagetsito n'ta mabatire, chotsani mabatirewo, chifukwa akakhalitsa amatuluka madzi amene amadya tizitsulo ta m'kati. Timabatire tating'ono tokhala ngati mabatani tija tisasiyidwe pamene mwana wokwawa angatitole. Mwana akameza kamodzi kokha kamatha kumuwotcha kum'mero m'maola ochepa, ndipo ameneyo ngofunika kuthamangira naye kuchipatala. Zidutswa za mabaluni ophulika nazonso zimatsamwitsa ana, ndiye zisesedwe nthawi yomweyo.

Amene akukhala nyumba ya lendi asamale pomatula selotepi. Ikakokedwa mwamphamvu imachoka ndi penti, ndipo alandilodi amadzakumbukira zimenezi tsiku losamuka. Ikokeni pang'onopang'ono motsata khoma, mutainyowetsako ndi kansalu ka madzi ofunda.

Timipira tosweka msanga timakhala bwino m'thireyi ya mazira, ina pansi ina pamwamba, n'kumanga ndi linya. Zoyera musazikulunge m'nyuzipepala chifukwa inki imatsalira. Nsalu za patebulo, makatani ndi zipewa zichapidwe, ziume, zisitidwe. Kusita m'dzinja tikudziwa kale kuti kumapha mazira a ntchentche ya mphutsi imene imaikira pa zovala zoyanikidwa panja, komanso kumachotsa chinyezi chotsalira m'nsalu. Masiwiti ndi mabisiketi amene ena amakoleka pamtengo asalowe m'chikwama ngakhale limodzi, pokhapokha mukufuna kuweta nyerere ndi mphemvu. Mtengo wapulasitiki upukutidwe fumbi ndi kansalu kouma, nthambi zipindidwe moloza kumwamba monga unabwerera, ndipo umangidwe ndi malegeni kapena nsanza m'malo awiri kapena atatu. Timiyendo take timangiriridwe kuthunthu. Mitengo yambiri imene imatayidwa imakhala yabwino, chosowa ndi mwendo umodzi.

Chosungiramo chabwino kuposa zonse kuno ndi ndowa yapulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro chothina, yonga imene imabwera ndi penti kapena mafuta ophikira, yotsukidwa ndi kuumitsidwa bwino. Chiswe sichiidya, madzi odontha kudenga salowa, ndipo khoswe savutika nayo ngati mulibe fungo la chakudya. Bokosi lachitsulo limene ambiri a ife tinapita nalo kusekondale yogonera komweko limagwiranso ntchito, bola lisakhale pansi ponyowa. Chikwama cha shangani n'chabwino pa mtengo wautali, koma khoswe amachiboola mosavuta, ndiye chikolekedwe pamsomali kapena chikhale pamwamba pa wadiropu. Timapaketi ta timibulu toyera timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano ndi m'mabotolo ena a mankhwala tinapangidwira kuyamwa chinyezi. M'malo motitaya, tiponyeni m'ndowamo, kutali ndi ana. Malo ake akhale m'nyumba momwe anthu amalowamo tsiku ndi tsiku, pashelefu kapena pa njerwa, motalikirako pang'ono ndi khoma. Pachivundikiro lembanipo zimene zili m'kati, chifukwa pofika Disembala palibe amene adzakumbukire, ndipo m'nyumba zambiri amene analongedza si amene adzatsegule.

Zotsala zilowera kuti?

Mu Lilongwe zokongoletsa zimayenda ulendo wautali zisanafe. Banja la kumayadi likagula zatsopano, kapena mzungu akamaliza kontirakiti n'kumagulitsa katundu wake, zakale zimapita kwa antchito, n'kukafika ku Kauma, Mtandire, Mgona kapena Chinsapo. Zina zimatulukira pakaunjika ku Tsoka. Zimenezi n'zabwino, ndipo mtengo umodzi umatha kusangalatsa mabanja atatu motsatizana. Chimene sindigwirizana nacho ndi kupatsa wantchito timagetsi ta waya wosupuka pongofuna kuti tichoke pakhomo. Iye akatiyatsa m'chipinda chimodzi momwe muli ana, makatani ndi matiresi, kutali ndi kumene galimoto yozimitsa moto ingafike msanga. Chimene mwaona kuti n'choopsa m'nyumba mwanu chidulidwe pulagi n'kutayidwa. Ndipo ngati mukufuna kupereka zabwino, nthawi yake ndi kumayambiriro kwa Disembala pamene munthu angazigwiritse ntchito, chifukwa mu Januwale mukungomusenzetsa katundu woti asunge m'nyumba yopanda malo.

Zambiri sizifunika kudikira Disembala kuti zitulukenso. Nsalu, maluwa ndi timagetsi toyera ndi zomwezo zimene zimafunika pa chinkhoswe, paukwati, pa tsiku lobadwa ndi pa mwambo wa omaliza maphunziro, ndipo miyezi ya chilimwe mu Lilongwe sipadutsa sabata popanda ukwati. Madikonesi ndi amayi a Dorika amadziwa bwino mtengo wobwereka zokongoletsa kwa anthu a bizinesi. N'chifukwa chake n'kwanzeru kulongedza pawiri: za Khirisimasi zenizeni, monga mtengo ndi nyenyezi, m'ndowa yawo, ndipo zogwira ntchito nthawi iliyonse m'ndowa ina yosavuta kufikira.

Kwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi, mulu wa zotsala za Khirisimasi ndi nkhokwe ya zipangizo. M'makalasi athu timamva kawirikawiri mawu akuti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Mapepala okutira mphatso amakutira makope a teremu yachiwiri. Kuseri kwa kalendala ya chaka chatha ndi tchati chaulere. Makadi akale amadulidwa n'kukhala makadi a zilembo ndi manambala a Sitandade 1. Timipira tosiyana kukula timafotokoza bwino dzuwa, dziko ndi mwezi kusiyana ndi chojambula cha pabolodi. Waya wa mababu akale uja, utadulidwa kuchoka ku pulagi n'kugwiritsidwa ntchito ndi mabatire a tochi okha, umaonetsa ophunzira a sayansi kusiyana kwa mababu olumikizidwa mondondozana ndi olumikizidwa mbali ndi mbali. Amene mukupita kukayeserera kuphunzitsa teremu ikubwerayi, pemphani kwa achibale a m'tauni asanataye.

Zimene zafadi zitayidwe mosamala. Chizolowezi cha m'makomo ambiri ndi kukoleza moto kudzala madzulo, koma mitengo yambiri yapulasitiki ndi zokutira mawaya zinapangidwa ndi PVC, amene akapsa amatulutsa utsi wowononga mapapo, ndipo m'dzinja zinyalala zonyowa zimangofuka usiku wonse utsiwo n'kumalowa m'mawindo a aneba. Kuponya m'ngalande nakonso n'kolakwika. Madzi a mvula amakokolola zonse kupita nazo mumtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi, ndipo aliyense amene waimapo pamlatho wa pakati pa Old Town mvula itagwa waona mapulasitiki amene amakodwa m'mabango. Ngalande yotsekeka ndi imene imabweza madzi m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Kumene galimoto ya khonsolo kapena ya makampani otola zinyalala imafika, zoterezi zimangidwe m'thumba kuti zikafike kumtaya wa ku Area 38. Magalasi osweka akulungidwe m'pepala lochindikala, popeza amene amanyamula matumbawo ndi amene amatola zinthu kumtayako nthawi zambiri amagwira ndi manja opanda magolovesi.

Ndowa ija ikatsekedwa isaiwalike mpaka Disembala. Mvula ikatha, cha mu Meyi kapena Juni, mpweya wa mu Lilongwe umauma ndipo kumazizira. Tsiku lina lochapa mabulangete, itulutseni panja, mutsegule chivundikiro, muyale nsalu ndi mapepala pamkeka kwa maola awiri kapena atatu, muyang'anenso ngati kuseri kwa shelefu kwayamba kanjira ka chiswe. Timagetsi tidzayesedwenso kumayambiriro kwa Novembala, masitolo a ku Old Town asanakweze mitengo, kuti ngati pali babu kapena adaputa yofunika kugula ipezeke pamtengo wa masiku onse.